Nkhombe za M'damu la ku Chiosya

Ana anga, za ubwana wanga ndizisiya, zambiri munazimva kale. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito imene ndinagwira zaka makumi atatu ndi ziwiri, chifukwa ndaona kuti mukamauza anzanu kuti amayi ankagwira ku zaumoyo, iwo amaganiza kuti ndinali namwino. Sindinabayepo munthu jakisoni ine. Ntchito yanga inali yolowa m'madambo ndi m'mitsinje ya boma la Mchinji, kufunafuna nkhono zimene zimafalitsa likodzo.

Chaka choyamba, pa boma

Ndinayamba ntchito mu Epulo, mvula itangosiya, ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anandipereka m'manja mwa bambo Tembo, mkulu wowonda wa imvi, amene ankayang'anira kachipinda koyezera zinthu kuseri kwa ofesi. Titangolonjerana anatenga chitini, n'kukhuthulira zigoba pa thireyi yachitsulo, zina zazikulu ngati chikhatho, zina zazing'ono ngati mapira. "A Nachisale," anatero, "zofanana muziike pamodzi. Ndibwera." Ine ndinaika zazikulu pazokha, zapakati pazokha, zing'onozing'ono pazokha, n'kukhala pansi ndili wokhutira. Atabwera anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Mwasankha ngati tomato wa pamsika." Anasakanizanso zonse, nakoka mpando.

Zimene anandiphunzitsa m'mawa umenewo ndi zimene zakudyetsani inu nonse. Anati poyamba ndiziwerenga zigoba, kukula ndikusiye. Ya chigoba chimodzi chopotana ndiyo nkhono yeniyeni, imakwawa pamasamba ndi pamiyala, ili ndi mutu ndi nyanga. Ya zigoba ziwiri zolumikizana kumsana, zotseguka ndi kutsekeka, ndi fuko lina. Mabuku amalitcha Bivalvia, ife kuno timati nkhombe. Nkhombe ilibe mutu. Ili ndi phazi limodzi longa lilime, limene imakumbira m'matope mpaka yonse kukwiririka, n'kungosiya timipope tiwiri pamwamba, kena kokokera madzi, kena kowatulutsira. Tizilombo ta likodzo sitikhala mu nkhombe. Timakhala mu nkhono, ndipo ya likodzo lokodzetsa magazi dzina lake ndi Bulinus. Ukaigwira nsonga ili m'mwamba, pakamwa pake pakuyang'ana iwe, pakamwapo pamakhala kumanzere.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, nkhombezo tikuziphunziriranji ngati zilibe mlandu?" Iwo anayankha osatukula mutu. "Wapolisi wosadziwa nkhope za anthu osalakwa amangomanga aliyense." Choncho miyezi isanu ndi umodzi ndinaithera pa nkhombe. Ndinaphunzira kutsegula zigoba ndi kuyang'ana polumikizira paja ndi galasi lokulitsa zinthu. Zina zili ndi mano olowana pamenepo, banja lake ndi Unionidae. Zina ndi zazitali, polumikizira pake n'posalala, popanda mano, ndizo Iridinidae. Zina ndi za ngodya zitatu, zamizeremizere, dzina lake Corbicula. Ndiye pali tina tating'ono kuposa njere ya nandolo, topyapyala ngati chikhadabo cha khanda, ta banja la Sphaeriidae. Bambo Tembo anali ndi buku lina lopanda chikuto, ndipo mmenemo anandionetsa chithunzi cha abale a nkhombezi okhala m'nyanja zamchere, amene amakumba mozama kufika mkono wathunthu, mipope yawo yaitali kuposa thupi. "Amenewa ndi a gulu lina, ndipo ine sindinawaonepo ndi maso," anatero. "Ndikukuuzani kuti mudziwe kuti fukoli ndi lalikulu, ife tikungoona kanthambi kake." Mayina onse ankalemba ndi pensulo. Ankati akatswiri amasamutsa mayina kawirikawiri akaonanso bwino, ndiye munthu wolemba ndi inki amakhala ngati wanena kuti wamaliza kuphunzira.

Chaka chachiwiri mpaka chachisanu ndi chimodzi, ku Kapondo

Ku Kapondo ananditumiza ndekha, ndi njinga, majombo a mwamuna amene ndinkaikamo nsanza kuti andikwane, sefa wa mpini wautali ndi mabotolo makumi awiri. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, atabwera kudzakonza chitseko cha nyumba imene ndinapatsidwa. Chitsekocho anachikonza masiku atatu pomwe chinali cha tsiku limodzi, ndipo ine ndinaona.

Zosowa zinali zambiri. Matayala a njinga akatha tinkaikamo udzu. Mapepala olembapo mayina atatha ndinkang'amba m'mphepete mwa makope akale. Chimene chinandivuta kwambiri ndi sipiriti wosungira nkhono m'mabotolo. Popanda sipiriti nkhono zinkawola pa masiku awiri, ndipo zikafika ku boma munthu sakanatha n'kutsegula botolo komwe. Ndinalemba makalata atatu, yankho n'kumabwera lakuti tidikire. Amene anandithandiza ndi mayi Nabanda, woumba mbiya, mayi wamphamvu wolankhula mosabisa, amene ankandipeza kumtsinje iye akudzakumba dongo. Atamva vuto langa anaseka. "Sipiriti ndiye chiyani? Si kachasu wa azungu? Tiyeni kwa mlamu wanga, akupatsani wa mutu weniweni." Ndinapita, ine mayi wa kwaya, n'kutuluka m'nyumba ya kachasu masana dzuwa likuswa mtengo, nditanyamula chigubu. Lamulungu lotsatira akuluakulu a mpingo anandiitana. Ndinapita ndi mabotolo anga asanu, n'kuwaika patebulo, nkhono zili mbuu m'kati. Mkulu mmodzi ananunkhiza, nayang'ana anzake, ndipo mlandu unathera pomwepo.

Mayi Nabanda ankadziwa nkhombe kuposa mmene ndinkaganizira. Ankazifufuza ndi zala za kumapazi, akuyenda pang'onopang'ono m'matope madzi ali m'chiuno, ndipo akaigunda ankangoitola ndi phazi lomwelo. Zigoba zake ankagwiritsa ntchito poumba. Tsiku lina anandionetsa milu iwiri. "Izi ndi zopalira m'kati mwa mbiya, n'zolimba. Izi zazitalizi ndi zosalalitsira kunja." Nditatsegula ndi kuyang'ana polumikizira, ndinapeza kuti mulu woyamba wonse unali wa mano, wachiwiri wonse wopanda mano. Mayi amene sanapiteko kusukulu anagawa mabanja awiri aja osaphonya ngakhale chigoba chimodzi. Ndinawalembera bambo Tembo za nkhaniyi, ndipo anandiyankha ndi mzere umodzi wokha: "Muzimumvera mayiyo."

Okutobala wa chaka chachikhumi ndi chisanu ndi chimodzi, ku Chiosya

Bambo Tembo atapuma pa ntchito, akuluakulu anandibwezera ku boma kuti ndikhale m'kachipinda kawo kaja. Nthawi imeneyo tinali ndi bwana watsopano, bambo Kambalame. Ndinene zoona za iwo, chifukwa anamwalira ndipo sangadziyankhire. Anali munthu wolimbikira, wofika pa ntchito tonse tisanafike. Ndi iwo anatipezera njinga zatsopano ndi sipiriti weniweni, ndipo ndi iwonso analemba dzina langa pa mndandanda wa anthu opita ku kosi ya chaka chathunthu mumzinda, imene ikanandikweza udindo. Chofooka chawo chinali chimodzi. Akalengeza chinthu sankadziwa kubwerera.

Mwezi umenewo mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ku Chiosya analemba kuti ana ambiri akukodza magazi. Ine ndinali kumaliro kwathu, ndiye bwana anatuma mnzathu wina wa ntchito ya katemera kuti akatole nkhono. Iye anafika pa damu la pafupi ndi mudziwo, nakokola matope ndi sefa, n'kubwera ndi botolo lodzaza tizigoba. Pa lipoti analemba kuti nkhono zilipo zochuluka. Pamene ndinkabwerera Lolemba, migolo ya mankhwala ophera nkhono inali itafika kale, ndipo alendo ochokera ku likulu anali ataitanidwa kudzaonerera kuthira mankhwala m'damumo Lachisanu. Chinatsala ndi siginecha yanga yokha, yotsimikiza kuti zimene zili m'botolo ndi nkhono za likodzo.

Ndinakhuthulira botololo pa thireyi, n'kutenga galasi. Ndinayang'ana kachigoba kalikonse, ndipo nditamaliza ndinabwerezanso. Tonse tinali ta zigoba ziwiri. Tambiri tinali ta Sphaeriidae, tina ana a Corbicula. Bulinus munalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinanyamula thireyi n'kukagogoda kwa bwana.

"Bwana, izi si nkhono. Ndi nkhombe. Sizifalitsa likodzo."

Anayang'ana pa thireyi mwachidule. "Zonse n'zazigoba, zonse zachokera m'madzi amodzi. Kumene kuli izi, zinazo zilikonso."

"Mwina zilipo, bwana, koma sindinazione. Sindingasaine chinthu chimene sindinaone. Komanso mankhwalawa sasankha. Apha nsomba zonse m'damumo, achule, nkhombe zimene, ndipo ngati likodzo likuchokera kwina, ana apitiriza kudwala ife titaononga mankhwala onse."

Anavula magalasi. "Mayi Nachisale, ana akukodza magazi. Inu mukundiuza za nsomba?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa nanenso ndinali ndi ana atatu kunyumba. Ndinapempha kuti andilole ndipite ndekha ndikaone. Anandipatsa mpaka Lachinayi masana. "Mukapanda kupeza kanthu musaina," anatero. "Mukakana, mulembe kalata yofotokoza chifukwa chimene mukukanira lamulo, ndipo mukudziwa kumene kalata zotere zimakafika."

Lachiwiri m'mamawa ndinapalasa njinga kupita ku Chiosya. Damulo linali la kalabu ya alimi a mtedza ndi fodya, amene anaikamo makumba ndipo ankayembekezera kukolola mvula isanagwe. Wapampando wawo anali bambo Lungu, amene kale ankayendetsa mathiraki odutsa pa chipata cha Zambia, ndipo Chinyanja chawo chinali chitapendekera kutsidya. Ndinkayembekezera kuti andipempha kuti ndipulumutse nsomba zawo, koma sizinatero. Anandipeza ndili m'madzi, naima pamtunda atagwira chipewa m'manja. "Amayi, mdzukulu wanga ndi mmodzi mwa odwalawo," anatero. "Ngati vuto ndi damuli, thirani mankhwala. Nsomba tidzaikamo zina. Koma ngati si damuli, musatinamize." Ndinawauza kuti ndicho chimene ndabwerera.

Tsiku lonse ndinazungulira damulo, kukokola m'matope, kutembenuza masamba, kuyang'ana pa mabango. Nkhombe zinalimo zamitundu itatu, zina zazikulu zopanda mano, ndipo madzi anali oyera moti ndinkaona majombo anga pansi. Nkhono za likodzo sindinapeze. Izi sizinandisangalatse. Kusapeza chinthu sikutanthauza kuti kulibe, ndipo dzuwa likamapendeka ndinayamba kudzifunsa ngati sindikusewera ndi moyo wa ana a eni chifukwa chongofuna kuoneka wodziwa.

Lachitatu ndinasiya sefa, n'kupita kumjigo kumene amayi ankatunga madzi. Ndinawafunsa kumene ana amasambira akaweruka kusukulu. Mayi wina anandiyang'ana modabwa. "Kudamu? Angayerekeze? A kalabu anaikako mlonda woopa akuba nsomba, mwana akangoyandikira amathamangitsidwa. Ana amasamba kumaenje a njerwa." Anandilozera kuseri kwa sukulu, m'mphepete mwa dambo, kumene anthu anakumba dothi pomanga makalasi. Maenjewo anali anayi, odzaza madzi ofunda obiriwira, masamba a kakombo atayala pamwamba. Tsamba loyamba limene ndinatembenuza linali ndi nkhono zisanu. Ndinagwira imodzi nsonga m'mwamba, pakamwa pali kumanzere. Ndinatola zambiri, n'kubwereka matambula agalasi kwa aphunzitsi, kuikamo madzi oyera ndi nkhono, n'kuika padzuwa. Patapita maola awiri ndinaitana bambo Lungu ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo aliyense anayang'ana ndi galasi langa. M'matambula atatu munali tizilombo tosaoneka bwino, ta michira yogawanika, tikugwedezeka m'madzi. Bambo Lungu anawerama nthawi yaitali, ndipo ataweramuka anangoti, "Ndiye n'timeneti."

Lachinayi tcheni cha njinga chinaduka panjira, ndipo ndinafika ku boma itadutsa folo koloko. Bwana anayang'ana m'mabotolo, nawerenga lipoti langa mpaka kumapeto. Ndinaona pankhope pawo kuti akhulupirira. Koma anati, "Mwachedwa. Pulogalamu inapita kale ku likulu, imanena za damu. Tithira kudamu mawa, maenjewo tidzawaona mankhwala ena akabwera." Ndinawakumbutsa kuti mankhwala ena akhoza kutenga chaka. Anandikankhira fomu. Ndinaika cholembera patebulo, n'kunena kuti, "Pepani bwana, sindisaina." Kenako ndinatuluka.

Madzulo ndinawafotokozera bambo anu zonse, za kosi ndi za kalata. Anali akupala thabwa pakhonde ndipo sanasiye kupala. Anandifunsa funso limodzi, "Mukutsimikiza?" Ndinati inde. "Ndiye basi," anatero.

Lachisanu tinapita tonse kudamu, migolo itakwezedwa pa lole. Anthu anasonkhana, a kalabu ataima paokha. Pakati pa alendo panali dokotala wina wachizimayi, ndipo migolo isanatsegulidwe anapempha kuona fomu. Ataona kuti palibe siginecha anafunsa kuti woyeza nkhono ndani. Anzanga anapatuka, ine n'kutsala poyera. "Mayi, munapeza chiyani m'damu muno?" Ndinayang'ana bambo Kambalame, iwo anayang'ana kumbali. Ndinayankha kuti ndinapeza nkhombe za mabanja atatu, ndipo ndinawatchula mayina ake, koma nkhono za likodzo zili kumaenje a njerwa kuseri kwa sukulu. Apa pali chinthu chimodzi chimene ndinalakwa, ndipo ndikufuna muchidziwe. Ndinawonjeza kuti, "Ndinawauza abwana dzulo." Mawu amenewo sanali ofunika. Ndinawanena chifukwa mtima unali utawawa, ndipo ndinawanena pamaso pa anthu a m'mudzi ndi pa akuluakulu awo.

Dokotala uja anayenda nafe wapansi mpaka kumaenje, natembenuza yekha tsamba la kakombo. Mankhwala anathiridwa kumeneko tsiku lomwelo. Sabata yotsatira ana analandira mapiritsi, ndipo makolo anagwirizana zokwirira maenje onse anayi mvula isanayambe. Bambo Lungu ndi anzawo anakolola makumba awo mu Novembala. Chaka chotsatira mphunzitsi wamkulu analemba kuti odwala atsala owerengeka.

Disembala wa chaka chomwecho, ku Mavwere

Bambo Kambalame sanandikalipire, ndipo kalata ija sanaifunsenso. Anangosiya kulowa m'kachipinda kanga. Kumayambiriro kwa Disembala ndinalandira makalata awiri tsiku limodzi. Yoyamba inati malo anga a ku kosi aperekedwa kwa wina chifukwa cha kuchepa kwa antchito. Yachiwiri inati ndasamutsidwira ku Mavwere, ndikayambe ntchito pasanathe masabata awiri. Ndinapita kukatsanzika. Ndinapepesa chifukwa cha mawu owonjeza aja, koma za siginecha sindinapepese. Iwo anati, "Munali olondola pa nkhombe zanu, mayi Nachisale. Koma ofesi siyenda choncho." Tinagwirana chanza. Panapita zaka khumi ndisanakwezedwe udindo, ndipo kosi ija sinabwerenso.

Ku Mavwere ndinagwira ntchito yabwino. Ndinayenda dambo lililonse, ndinaphunzitsa anzanga ambiri kuwerenga zigoba asanalembe lipoti, ndipo sindikudziwa ndi mmodzi yemwe wa iwo amene anathirapo mankhwala pamalo olakwika. Koma amene analipira kwambiri si ine. Bambo anu anasiya makasitomala awo onse pa boma n'kukayambiranso m'mudzi mmene anthu ankafuna mabokosi a maliro ndi zitseko basi. Ndipo iwe Tiyamike, unali mu sitandade seveni pa sukulu yabwino, woyamba m'kalasi, aphunzitsi akunena kuti udzasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Ku Mavwere unkayenda mtunda wautali kukafika ku sukulu yopanda mabuku, ndipo mayeso unachita kulemba kawiri.

Tsiku losamuka linagwa mvula. Tinakhala kumbuyo kwa lole pakati pa mipando ndi matabwa, tonse titafunda lona imodzi. Titadutsa pa sukulu yako unatembenuka n'kundifunsa, "Amayi, mwalakwa chiyani kuti atichotse?" Ndinakuyankha kuti palibe, boma limangosamutsa anthu ake. Unandiyang'ana ndipo sunafunsenso, ngakhale utakula.

Sindinakuuze zoona tsiku limenelo, mwana wanga. Anatichotsa chifukwa cha ine. Ndinkadziwa kuti ndikakana kusaina padzakhala mtengo wake, ngakhale sindinkadziwa kuti mbali yaikulu idzagwera iwe. Chaka chimene unataya chija ndikupepesa, ndipo ndinayenera kupepesa kalekale. Koma fomu ija atandibweretseranso lero, ndi cholembera chomwecho, sindingasaine.